Ntchito ya cloud: mwana wa ku Chitedze angaipeze, nanga angakhutire nayo?

Achinyamata ambiri a m'mbali mwa msewu wa Mchinji, kuyambira pa Chitedze, Mpingu mpaka pa Namitete, akamaliza Fomu 4 amamva kuti tsogolo lili ku makompyuta. Ena amva kale za ntchito ya cloud, ndipo akudziwa kuti makampani akuluakulu amalimbirana mainjiniya oidziwa. Makolo nawonso ali ndi nkhawa zawo, poti ndi amene amagulitsa mtedza ndi fodya kuti fizi ipezeke. M'munsimu muli mafunso amene amabwera kawirikawiri nkhaniyi ikayambika. Lolemera kwambiri mwa onsewo ndi ili: munthu akaipeza ntchitoyo, mtima wake udzakhala pansi?

Kodi cloud imene ikutchukayi n'chiyani kwenikweni?

Ndi makompyuta enieni, ogwirika, okhala m'nyumba zikuluzikulu zoziziritsidwa usana ndi usiku, amene kampani kapena boma limachita lendi kudzera pa intaneti m'malo mogula ake. Makompyuta amenewa ndi amene amatchedwa maseva. Kale bungwe likafuna kusunga kaundula wa makasitomala ake linkagula seva, n'kuikonzera chipinda, jenereta ndi munthu woiyang'anira. Masiku ano likhoza kulipira seva ya eni ake, kwa ola limodzi kapena kwa zaka, n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu malinga ndi kuchuluka kwa ntchito. Manambala a abale anu amene amabwereranso mukagula foni ina n'kulowetsamo Gmail yanu, nthawi yonseyo anali pa cloud.

Malonda amenewa anakula kuyambira mu 2006 pamene kampani ya Amazon inayamba kubwereketsa maseva ake pansi pa dzina loti AWS. Ambiri sadziwa kuti gawo lalikulu la ntchitoyo, lotchedwa EC2, linapangidwa mu Africa muno, ku Cape Town, ndi kagulu ka mainjiniya kotsogozedwa ndi Chris Pinkham. Microsoft inatsegula nyumba zake za maseva ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Kuno kwathu boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre mu Julaye 2022.

Nanga injiniya wa cloud amatani tsiku lonse?

Nthawi zambiri maseva amene akuwayang'anira sanawaonepo ndi maso. Amakhala pa laputopu n'kumalemba malangizo ouza makina akutaliwo chochita: yatsani maseva atatu, muwalumikize chonchi, khomo ili likhale chitsekere, uyu yekha ndiye aloledwe kulowa. Zida zake zili ndi mayina onga Linux, Docker, Kubernetes ndi Terraform, ndipo zambiri mwa izo munthu amazitenga ulere pa intaneti. Anzake olemba mapulogalamu akamaliza chinthu chatsopano, iye ndi amene amalambula njira yoti chikafike kwa anthu popanda kugwetsa chakale. Amatchera mabelu oti alire seva ikayamba kudzaza kapena kuchedwa. Amawerengeranso ndalama, chifukwa seva yoiwalika ili chiyakire imadya madola ngakhale palibe akuigwiritsa ntchito.

Udindo wina waukulu ndi kusunga makope a deta, ndipo anthu a pa Chitedze sangauone wachilendo. Pa siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi, yomwe inayamba mu 1948, pali nkhokwe ya dziko lonse yosungiramo mbewu zamakolo monga mapira, mawere, nzama ndi chimanga cha makolo. Osunga mbewuzo sadalira furiji imodzi. Zina amazitumiza ku nkhokwe ya maiko a SADC kufupi ndi Lusaka, ndipo nthawi ndi nthawi amatapako pang'ono n'kuyesa ngati zikumerabe. Injiniya wa cloud amachita zomwezo ndi deta: kope lina amalisunga kutali, ndipo amaliyesa kuti aone ngati lingatsegukedi tsiku la tsoka.

Zimenezi zikutikhudza pati ife a ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma?

Kumbukirani nyengo yoyamba ya AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, mu 2020. Mlimi ankafika pa depoti ndi chiphaso chake cha unzika, kalaliki n'kuchijambula ndi foni, foniyo n'kufunsa seva yakutali ngati dzinalo lili m'kaundula ndiponso ngati mwini wake sanagule kale. Seva kapena netiweki ikakana, zonse zinkaima. Feteleza ali m'shedimo, ndalama mayi wamanga pansonga ya chitenje, njinga yonyamulira matumba yatsamira pamtengo, mvula yagwa kale, koma kalaliki akungokweza foni m'mwamba kusaka netiweki. M'madera ambiri anthu anagona pamzere. Mavuto ena anali a nsanja za mafoni, ena a kayendetsedwe ka pulogalamuyo. Koma funso loti makina apirire bwanji anthu zikwizikwi akamagogoda nthawi imodzi, ndi loti foni ichite chiyani netiweki ikasowa, ndi funso la mainjiniya amene tikukamba pano.

Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti akuba a pa intaneti alowa m'makinawo ndipo akufuna dipo. Amene anavutika anali odwala oyenera kukalandira chithandizo kunja, ophunzira, amalonda, ndi anyamata a ulendo wa ku Joni. Mu Meyi chaka chomwecho zingwe ziwiri za intaneti za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka kumpoto kwa Durban, intaneti n'kuyamba kukwawa ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi maiko ena. Dziko ngati lathu, lomwe intaneti yake imadzera m'maiko a anansi, likusowa anthu oganiziratu kuti chingwe ichi chikaduka tidzera kuti.

Koma zinthu zazikulu za makompyuta zingayambire kumudzi ngati kuno?

Inde, ndipo umboni uli pa Namitete pomwepa. Chipatala cha St Gabriel's, chomwe masisitere ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, chimathandiza dera lalikulu kwambiri, ndipo chakhala chikudalira anthu odzipereka a m'midzi kuyendera odwala kunyumba. Vuto linali mtunda. Munthu akafuna kunena kuti wodwala TB wasiya kumwa mankhwala, kapena kuti gogo wogona pamphasa mankhwala ake othetsa ululu atha, ankayenera kupalasa njinga kapena kuyenda wapansi mpaka kuchipatala, kapepala kali m'thumba.

Mu 2008 wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford, Josh Nesbit, anabwera ndi laputopu imodzi, mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito, ndi pulogalamu yaulere ya FrontlineSMS yomwe anapanga Ken Banks. Anthu odzipereka 75 analandira mafoni n'kuphunzira kutumiza uthenga, laputopu ija n'kumalandira mauthenga onsewo pachipatala. Lipoti lomwe linasindikizidwa mu 2010 linasonyeza kuti pa nthawi yoyesererayo panapulumuka maola oposa 2,000 a ogwira ntchito, ndipo chiwerengero cha odwala TB amene chipatala chinkatha kuwatsatira chinawirikiza kawiri.

Imeneyo sinali cloud ayi, inali laputopu imodzi pa tebulo. Koma pamenepo ndi pamene panabadwira bungwe la Medic Mobile, lomwe lero limangotchedwa Medic. Pulogalamu yake ya Community Health Toolkit ikugwiritsidwa ntchito ndi azaumoyo a m'midzi zikwizikwi ku Kenya, Uganda, Mali, Nepal ndi kwina. Kuti malipoti a anthu ochuluka chotero asasochere pamafunika maseva ambiri, ndi mainjiniya owayang'anira okhala m'maiko osiyanasiyana.

Nkhani imeneyi imandisangalatsa, koma imandiwawanso. Nzeru ya mmene ntchitoyo iyenera kuyendera inachokera kwa anamwino ndi odzipereka a ku Namitete, pamene luso la makina linachokera kutsidya la nyanja. Sizinayenera kukhala choncho mpaka kalekale, ndipo sizinakhale choncho paliponse. Bungwe la Baobab Health, lomwe linayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi pa chipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001, linalera Amalawi ambiri olemba mapulogalamu. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo, ndipo akatswiri a ku University of Malawi ku Zomba akhala akumangapo zida za alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi. Manja athu alipo kale pa ntchitoyi, angochepa.

Ndiye n'chiyani chimene chimam'khutiritsa munthu pa ntchito yotere?

Akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Edward Deci ndi Richard Ryan a ku yunivesite ya Rochester, akhala akusonyeza kuyambira m'ma 1980 kuti pali zinthu zitatu zimene munthu amafuna kuti ntchito aikonde kuchokera pansi pa mtima: kukhala ndi mawu pa mmene aigwirire, kuona luso lake likukula, ndi kumva kuti ali pakati pa anthu omuwerengera. Pa ntchito ya cloud ine ndimawonjezerapo chachinayi, ndipo ndimachiika patsogolo pa zonse: kum'dziwa munthu amene ali kumapeto kwa wayayo.

Chifukwa chake n'chakuti ntchito imeneyi ikayenda bwino palibe amaiona. Womanga nyumba amaloza nyumba yake akamadutsa. Mphunzitsi amakumana ndi ana ake akale pamsika n'kumulonjera mwaulemu. Injiniya wa cloud akagwira bwino mwezi wathunthu, mphoto yake ndi yakuti palibe wam'imbira foni. Dzina lake limatchulidwa tsiku limene zinthu zagwa basi. Munthu wotere akakhala kuti amangoona manambala akuyenda pagalasi, osadziwa kuti akutumikira yani, mtima umayamba kuuma ngakhale malipiro akhale abwino. Koma akadziwa kuti 7 koloko m'mawa namwino wina atsegula tabuleti kuti aone ngati mayi wina woyembekezera anabwera kusikelo mwezi watha, ndipo pakhonde padzaza anthu odikira, ntchito yomweyo yoyang'ana ngati seva yadzaza imakhala ndi kulemera kwina.

Apa ndi pamene mwana wokulira ku Mpingu kapena ku Nsaru ali ndi chuma chimene mnzake wa ku Seattle alibe. Amadziwa kuti foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse. Amadziwa kuti kumunsi kwa dambo netiweki kulibe, imapezeka pachulu. Amadziwa kuti dzina la munthu mmodzi likhoza kulembedwa mitundu itatu m'makaundula atatu, kuti agogo ambiri tsiku lawo lobadwa linangoganiziridwa, kuti bandulo ikatha pakati pa mwezi yatha basi. Makina omangidwa ndi munthu wodziwa zimenezi amapirira pamene ena akugwa. Choncho mukalowa ntchito musabise kwanu. Pemphani kuti muzipita nawo kumene makinawo akugwiritsidwa ntchito, mukakhale pabenchi tsiku lonse n'kuona mmene kalaliki akuvutikira.

Timu yabwino imadziwika bwanji?

Imadziwika tsiku limene wina walakwitsa. Pa 28 Febuluwale 2017 injiniya wina wa ku Amazon analemba lamulo molakwika pang'ono, n'kuzimitsa maseva ambiri kuposa amene ankafuna. Gawo losungira mafayilo la S3 ku Virginia linagwa kwa maola pafupifupi anayi, ndipo mawebusaiti ambirimbiri anagwa nalo. Lipoti limene kampaniyo inatulutsa silinatchule dzina la munthuyo. Linanena kuti chida chomwe ankagwiritsa ntchito chinkalola kuzimitsa maseva ochuluka mofulumira kwambiri, ndipo anachikonza kuti chisadzalolenso.

Maganizo amenewa ndi amene muyenera kuwasaka. Timu yofufuza kuti "chinalola n'chiyani" imaphunzira. Timu yofufuza kuti "wachita ndani" imaphunzitsa anthu kubisa, ndipo cholakwika chobisidwa chimadzaphulika nthawi yoipa. M'maofesi ambiri kwathu kuno wamng'ono sayankhula bwana ali pomwepo. Ulemu umenewo ndi wabwino pamudzi, koma pa maseva umapha. Mtsikana wongolowa kumene ntchito akaona kuti bwana watsala pang'ono kufufuta deta ya anthu, ayenera kukhala womasuka kunena kuti, "Pepani bwana, taimani kaye," ndipo bwanayo ayenera kuthokoza.

Chizindikiro china ndi chakuti nzeru sizikhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Mukapeza kuti pali mkulu mmodzi yekha wodziwa mapasiwedi onse, amene sapita kutchuthi ndipo safuna kuphunzitsa wina, dziwani kuti pamenepo simukula. Pa timu yabwino zinthu zimalembedwa, ntchito ya aliyense imawerengedwa ndi mnzake isanakhazikitsidwe, ndipo wachinyamata amapatsidwa kanthu kenikeni koti ayang'anire, osati kumangosintha inki ya printa chaka chathunthu.

Akamati timu ili ndi masomphenya aakulu, sakutanthauza kuti anthu azigona pa ntchito?

Nthawi zina ndi zomwezo, ndipo m'pofunika kusamala. Ntchito ya cloud ili ndi mashifiti odikirira. Sabata yanu ikafika, foni imagona pafupi ndi khutu. Tiyerekeze kuti yalira 2 koloko usiku, magetsi anathima madzulo. Mwayatsa laputopu, batire yatsala theka, mwatsegula intaneti ya pafoni, mwalowa m'seva n'kupeza kuti malo osungira adzaza ndi zolemba zakale zomwe makina amadzilembera okha. Mwasamutsa zakalezo, zinthu zadzuka, mwalemba mizere itatu youza anzanu chimene chachitika, tambala woyamba n'kulira. Usiku umodzi wotere umapatsa kunyada kwina kwake, poti anthu adzuka osadziwa kuti panali vuto. Koma belu lomwelo likamalira sabata ndi sabata pa chifukwa chomwecho, ndiye kuti timuyo ikudyera thupi lanu m'malo mokonza gwero la vutolo.

Mainjiniya a ku Google, m'buku lawo la Site Reliability Engineering la mu 2016 lomwe limawerengedwa ulere pa intaneti, anaika malire: ntchito yobwerezabwereza ya pamanja isapitirire theka la nthawi ya injiniya, theka linalo likhale lomanga zinthu zochotseratu mavutowo. Palinso masamu ofunika kuwadziwa. Kulonjeza kuti makina azigwira 99.9 peresenti ya nthawi ndiye kuti pa chaka chonse aloledwa kugwa maola osakwana 9. Kulonjeza 99.99 peresenti ndiye kuti mphindi 53 zokha. Naini aliyense wowonjezera amafuna ndalama ndi anthu. Bwana wolonjeza manaini anayi ali ndi mainjiniya awiri okha alibe masomphenya, akungogulitsa tulo ta antchito ake.

Masomphenya enieni amaoneka pa kukula kwa vuto limene timu yasankha kuthetsa. Kuti mlimi asagonenso pamzere wa feteleza ndi cholinga chachikulu zedi, ndipo chingakwaniritsidwe ndi anthu oweruka nthawi yake.

Tisabisane, nanga ndalama?

Ndalama ndi nkhani, ndipo amene amati "tsatani mtima wanu basi" nthawi zambiri alibe azibale owalipirira fizi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wolandira makwacha anaona malipiro ake akufota, pamene wogwirira kampani yakunja ali kunyumba kwake, wolandira madola kapena mayuro, anapuma bwino. Ntchito zoterezi zilipo, ndipo tili ndi mwayi umodzi: nthawi yathu ndi yofanana ndi ya ku Johannesburg, ndipo siisiyana kupitirira ola limodzi ndi ya ku Berlin kapena Paris. Kugwirira kampani ya ku California ndi nkhani ina, chifukwa iwo akamadzuka kuno kukuda.

Komabe palibe mbali yopanda minga. Mu Januwale 2023 Google inalengeza zochotsa antchito 12,000, Microsoft 10,000, ndipo Amazon inachotsa pafupifupi 27,000 m'miyezi yozungulira nthawi yomweyo. Wogwira ntchito ali kutali, wa kontirakiti, savuta kum'siya. Kuno kwathu ntchito zambiri za makompyuta a zaumoyo zakhala zikudalira thandizo lakunja, ndipo boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025 mapulojekiti ambiri anagwedezeka. Mabanki, makampani a mafoni ndi boma ndi okhazikikako, ngakhale kuti kumeneko zinthu zatsopano zimalowa pang'onopang'ono. Lamulo loteteza deta ya anthu la mu 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, likukakamiza mabungwe onsewa kusamala za kumene akusunga zinsinsi za anthu, ndipo zimenezo zikufuna anthu odziwa ntchito.

Maganizo anga ndi awa. Pa zaka zoyambirira sankhani malo amene muphunzire kwambiri, bola malipiro akukwanira lendi, chakudya ndi kangachepe kotumiza kumudzi. Luso likakhwima, mudzasankha nokha. Ndipo amene wasankha madola sanalakwe. Akhoza kulandira za kunja uku akuphunzitsa achinyamata awiri atatu kwawo Loweruka.

Ndiyambire pati? Kodi popanda digiri sizingatheke?

Ku sekondale limbikirani masamu ndi Chingerezi, poti zolemba zonse za ntchitoyi zili m'Chingerezi ndipo injiniya amakhalira kuwerenga. Maphunziro a makompyuta alipo ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuzu University, ndi ku NACIT mu Lilongwe momwemu. Boma ndi mabanki amafunsabe pepala, choncho digiri kapena dipuloma imatsegula makomo. Makampani akunja amayang'ana kwambiri zimene mungathe kuchita.

Ambiri amalakwitsa pothamangira satifiketi ya cloud asanadziwe maziko. Yambani ndi Linux, yomwe imayenda ngakhale pa laputopu yakale. Phunzirani mmene makompyuta amalankhulirana pa netiweki, chilankhulo chimodzi monga Python, ndi Git yosungira ntchito yanu. Kenaka mangani kanthu kenikeni: kaundula wa kalabu ya alimi, kapena webusaiti ya mpingo wanu. Kaikeni pa seva, mukagwetse dala, n'kukadzutsanso kuchokera pa kope lomwe munasunga. DHIS2 ndi Community Health Toolkit ndi mapulogalamu otseguka kwa aliyense, ndipo wachinyamata amene anaikapo imodzi mwa izo pa makina ake n'kuimvetsa amakhala ndi chokamba pa intavyu.

Satifiketi ibwere pambuyo. Mayeso oyambira a AWS amalipitsa madola 100, otsatira ake madola 150, ndipo pepalalo limatha mphamvu pakapita zaka zitatu. Chenjezo limodzi: makampani a cloud amalola ophunzira kuyeserera ulere mpaka malire ena, koma amafuna khadi la kubanki. Tcherani belu la ndalama tsiku loyamba lomwelo, ndipo muzizimitsa chilichonse mukamaliza.

Magetsi ndi intaneti za kuno zingalole?

Zimavuta, koma sizitseka njira. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense wogwira ntchito pa kompyuta anaphunzira kuti sola, batire ndi inveta si zamanyado. Woyamba kumene sasowa zonsezo. Maphunziro ambiri a Linux ndi Python amachitika popanda intaneti: tsitsani mabuku ndi mavidiyo usiku bandulo ikakhala yotsika mtengo, muziwerenga masana. Wogwirira kampani yakutali ndiye afunika njira ziwiri za intaneti, kuti ina ikagwa ina igwire. Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo ngakhale ili yodula kwa munthu mmodzi, yasintha zinthu m'malo amene kale kunalibe chiyembekezo. Chitedze ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, kotero misonkhano ya achinyamata a zamakompyuta ndi ya minibasi imodzi.

Kodi ndi ntchito ya atsikana?

Kwambiri. Malo oyamba osonkhanirapo achinyamata a zamakompyuta m'dziko muno, mHub ku Lilongwe, anawayambitsa ndi mayi, Rachel Sibande, mu 2013. Chimene chimabweza atsikana m'mbuyo si mutu ayi, ndi nthawi. Luso limeneli limafuna maola ambiri okhala pansi osasokonezedwa, ndipo m'makomo ambiri mnyamata akakhala pa laputopu amati akuwerenga, pamene mlongo wake amatumidwa kumjigo. Makolo, ntchito zapakhomo zigawidwe mofanana.

Nanga AI siilanda ntchito zimenezi?

Ikusintha kagwiridwe kake, poti malangizo ambiri amene injiniya ankalemba pamanja tsopano makina amalemba m'kanthawi kochepa. Amene luso lake lonse linali kukopera malamulo osawamvetsa ali pa ngozi. Koma AI yomweyo imayendera pa maseva, ndipo zimene yalemba zimafuna munthu wozindikira ngati zili zoona asanazikhazikitse pa kaundula wa odwala kapena pa ndalama za anthu. Zinthu zikagwa, woyankha mlandu ndi munthu. N'chifukwa chake maziko aja akufunika kwambiri lero kuposa kale.

Ndaitanidwa ku intavyu. Ndingadziwe bwanji ngati pamalopo ndidzakhutira?

Akamaliza kukufunsani adzati, "Muli ndi funso?" Ambiri amangoti ayi pofuna kuoneka aulemu, n'kutaya mwayi wokhawo woona m'kati mwa nyumba asanalowemo. Funsani modzichepetsa koma momveka. Makina anagwa liti komaliza, ndipo zitatero chinasintha n'chiyani? Pa shifiti yodikirira usiku pali anthu angati, ndipo amene wadzutsidwa amapuma mawa lake? Ntchito yanga aziiwerenga ndani, nanga ine ndiziwerenga ya yani? Munthu amene analowa chaka chatha pa udindo ngati uwu, lero akutha chiyani chimene sankatha? Mvetserani mayankho, komanso muone nkhope zawo. Akayamba kutchula dzina la amene analakwitsa, mwamva kale zokwanira.

Funso lomaliza likhale ili: anthu amene amagwiritsa ntchito makina athuwa ndi ndani, ndipo mainjiniya anakawaona liti? Timu yabwino imayankha mosangalala, mwina n'kukuuzani nkhani ya kalaliki kapena namwino amene anawasinthitsa maganizo. Akakanika kuyankha, ntchitoyo ilandireni ngati zinthu zakuthinani kunyumba, muphunzirepo zimene mungathe, koma musasiye kufunsira kwina.